Anamabala ndi Nyimbo Yanga ya Theka

Lero akwana masiku makumi anayi. Ndawerenga ndi njere za chimanga m'kambale, tsiku njere, tsiku njere, ndipo m'mawa uno kambale kandiuza kuti akwana. Malemu Anamabala anali a tchalitchi, ife ndife a mzikiti, ndiye arubaini si mwambo wawo, ndikudziwa. Koma kwathu kuno munthu akatha masiku makumi anayi m'manda timaphika mpunga, timamutchula dzina. Ndiye ine ndati mpunga ndiphika, dzinanso nditchula, nditchula papepala kuti lisauluke ndi mwera.

Kulemba ndinaphunzira nditakula kale, kusukulu ya kwacha, mano ena atagwa. Cholembera chimaterera m'manja mwanga ngati mlamba. Ntchito yanga ndi kuyanika usipa ndi kuimba. Ukwati ukachitika kuno ku Lungwena, woyambitsa nyimbo ndine. Mwana akabadwa, nthungululu yoyamba ndi yanga. Ndiye mukaona mawu akubwerezabwereza musadabwe, ndi mmene pakamwa panga pamayendera. Koma lero ndikuimba ndi mantha, chifukwa nkhani ya Anamabala ndi nkhaninso ya bere la mwana wanga Asiyatu, ndi nyimbo imene ndinapeka ine ndemwe, imene inatsala pang'ono kumupha.

Dzina lawo la mtundu anali Anankhoma, kwawo ku Ntcheu. Zaka zambiri anagwira ntchito m'labotale ya chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene ankasenga tinyama ta odwala topyapyala kuposa mamba a usipa, kutipaka utoto, n'kutiyang'ana pa makina oonera zosaoneka ndi maso. Kenako boma linawatumiza kuno kunyanja, ndipo atapuma ntchito sanabwerere. Mwana wawo wa ku Lilongwe anabwera kangapo ndi galimoto kudzawatenga, iwo ankangomuyankha kuti kumapiri kulibe mbedza, ndiye akakhala akuzula chiyani m'zala za anthu. Dzina lakuti Anamabala tinawapatsa ndife. Pakhonde pawo pankafika msodzi wobayidwa ndi mbedza, mwana wopsa ndi phala, mayi wodzitema ndi khasu, ndipo onse ankachoka atamangidwa bwino, atakalipiridwanso bwino.

Anamwalira Lachiwiri m'mawa, ali pampando wawo, sizasi ili pamiyendo. Mtima unangoima, basi. Ndikunena izi poyera chifukwa pamaliro ena ankanong'onezana kuti matenda aja anawabwerera. Sanawabwerere. Matenda ake ndi ati, ndifika, dikirani. Thupi linapita ku Ntcheu, ndiye kuno tilibe manda oti tikasese.

Manja ankasamba nthawi yaitali ngati akufuna kusupula khungu, wodwala ali pompo kubuula. Akamasula bala, choyamba ankalinunkhiza. Kenako ankatenga ulusi wa ukonde, kuyeza kutalika kwa bala, kudula, n'kuupachika pamsomali. Khoma la khonde linali misomali yokhayokha, munthu aliyense msomali wake. Ukabweranso Lachisanu ankayezanso n'kudulako ulusi uja. Ulusiwo ukapanda kufupika ankadziwa kuti walowa m'madzi kapena wapakapo zako, ndipo kukana kunali kungotaya malovu. Ankati bala silinama, ulusi sunama, wonama ndi mwini mwendo.

Kukangana ndiye kunali ndiwo zawo. Anakangana ndi asodzi othira petulo ndi madzi a m'batire pabala, ati kuti liume msanga; mmodzi anamuthamangitsa ndi tsache mpaka padoko, bambo wamkulu wandevu, akutsimphina, anzake akugwa ndi phwete. Anakangana ndi sing'anga wina wotema mphini pa chotupa chilichonse ndi lumo limodzi, ndipo akakumana pamsika aliyense ankayang'ana tomato wake. Anakangana ndi ine chifukwa ndinkabwera kudzacheza manja akununkha usipa n'kumagwiragwira mabandeji awo.

Koma panali zina zimene sitinkazimvetsa. Juzi. Juzi yobiriwira yamabatani, yomanga mpaka pakhosi, ngakhale mwezi wa Okutobala pamene mchenga umawotcha nkhuku mapazi. Kunyanja sankasamba nafe ngakhale tsiku limodzi. Anamangitsa bafa la udzu lalitali kuposa mwamuna. Mkono wawo wamanzere unali wonenepa kuposa unzake, ndipo ukaugwira popereka moni ankauchotsa msanga. Ife pathandala poyanika usipa tinkati ndi matama a anthu ophunzira. Ena ankati pamsana pali zizindikiro za ufiti. Ine, Mulungu andikhululukire, ndinapekapo kanyimbo konyoza juziyo. Anakamva, ndipo anangondiuza kuti mawu ndili nawo abwino koma m'mutu muli mchenga.

Ubwenzi wathu unayamba ndi chikhatho changa. Ndinkang'amba kampango, mpeni unatsetsereka, chikhatho chinatseguka ngati pakamwa. Ndinapeza msomali wanga pakhonde paja. Sabata ndi sabata ulusi unkafupika, unkafupika, mpaka tsiku lina ndinafunsa kuti, Achemwali, akundisoka ndani, popeza singano sindikuiona? Anati zaka zonsezi palibe anawafunsapo funso limenelo, onse amangofunsa kuti ndibwerera liti m'madzi. Anathira tiyi m'makapu awiri, n'kuyamba.

Anati thupi ili si chinthu chimodzi, ndi mudzi. Ndi tinyumba ting'onoting'ono tothithikana, timene ophunzira amati maselo, ndipo kanyumba kalikonse n'kamoyo, kali ndi khoma lake. M'khomamo mwazikika timakutu, mutu kunja, mchira mkati. Dzina lake la Chingerezi ananditchulira katatu, lilime langa linakana, ndiye tinagwirizana kuti akhale makutu. Munthu akatemeka, magazi oundana pabala paja amatulutsa amithenga. Wamthenga salowa m'nyumba, ayi, amaima kunja n'kugwira khutu. Khutu limodzi palokha silichita kanthu. Koma likagwidwa limasendera kwa linzake, awiriwo n'kutsamirana, ndipo michira yawo mkati muja ikakhudzana imayatsana moto. Moto umenewo umayenda ngati mmene timapalirana moto m'mawa: uyu apala kwa uyu, uyo apala kwa uyo, mpaka ufike pakati pa nyumba pamene pamakhala buku la malamulo. Moto ukafika, selo limachita chimodzi mwa ziwiri. Kapena limanyamuka, kutambasula phazi kutsogolo, kukoka thako kumbuyo ngati nkhono, kulunjika kubala. Kapena limadzigawa pakati, limodzi kukhala awiri. Ena akukwawa, ena akuswana, mpaka a tsidya lino akumane ndi a tsidya ilo, bala n'kutsekeka.

Ananenanso zina. Anati bala likatsekeka amithenga amatha, mkatimo muli ena ntchito yawo ndi kuzimitsa moto, ndipo selo limameza makutu ake ena kuti lipume. Ananena, sindingawanamizire. Koma ine ndinali nditachoka kale, mapazi akugunda pansi. Ndinkayang'ana chikhatho changa, ndikuona khamu losaoneka likuthamangira kudzandithandiza ine, Amake Asiyatu woyanika usipa, popanda kuwaitana, popanda kuwaphikira. Pofika kunyumba nyimbo inali itapsa.

Bala laitana, nyama yamva,
yanyamuka, yakwawa, yaswana,
mmodzi awiri, awiri anayi,
mpeni ukalowa, nyama imadzuka.

Inali yokoma, ndisabise, inkagwira m'chiuno yokha. Ndinayiimba pathandala, atsikana anayitola. Inakwera maboti, inakwera malole, inafika ku Makanjira ine ndisanapondeko. Anamabala atayimva anaseka mpaka kupukuta misozi, kenako anati ndasiya theka, lija la kuzimitsa moto. Ndinawayankha kuti nyimbo si lole yoti inyamule katundu yense, ndipo ovina safuna kumva za kuzima. Anangoisiya. Anaisiya chifukwa inkawagwirira ntchito: amayi analeka kupita kwa wamphini uja, ati lumo lidzutsa nyama. Iwo anakondwa, ine ndinanyada. Tonse awiri sitinadzifunse kuti munthu woopa lumo la sing'anga adzatani akadzamva za mpeni wa dokotala.

Woyamba anali Abiti Twaibu, wokazinga mandasi pafupi ndi sukulu. Anapeza chotupa m'bere, anapita kuchipatala cha ku boma, anamuuza kuti apite ku Blantyre akadule kanyama kuti aone ngati ndi khansa. Anabwerera kunyumba, osapita. Pakhonde pa Anamabala sanayandikire, ankadziwa zimene akamuuze. Patapita nthawi bere linaphulika, fungo linkafika panjira, ndipo ife anzake tinkalowa titamanga mipango pamphuno. Pamaliro tinkauzana kuti anachita bwino kukana, akanamudula akanapita kalekale. Ine ndinavomera nawo. Anamabala anamusamalira masiku otsiriza, koma chifukwa chimene anakanira palibe anawauza.

Ndiye kunabwera kwanga. Asiyatu ndi mwana wanga wachiwiri, mayi wa ana atatu, mwamuna wake ali ku Joni. Tinkasamba kunyanja masana, anatenga dzanja langa n'kuliika pabere lake lamanja. Munali kanthu kolimba, kosapweteka, ngati njere ya bwemba. Ndinati tiye kwa Anamabala. Anapukusa mutu, anati akanditumiza ku mpeni. Kenako anandiimbira mzere wotsiriza uja, motsitsa mawu, akundiyang'ana m'maso.

“Si inu munaimba, Amama? Kapena munkanama?”

Zoona zake, nanenso ndinkakhulupirira. Nyama yabwino ikamva mpeni imadzuka, nanga yoipa ingagone? Tinabisa. Tinapaka masamba, tinapemphera, tinabisa dzinja lonse. Njere ya bwemba inakhala dzira la nkhunda, dzira la nkhunda linakhala la nkhuku. Ine ndinkaimbabe m'maukwati, pakamwa pokha pakusekera. M'mawa uliwonse ndinkayang'ana mmene wavalira, mmene wanyamulira mwana, ngati kuti diso langa lingachibweze.

Anamabala anatigwira ndi diso lawo. Ankadutsa pathandala kukagula ndiwo, anaona Asiyatu akumwaza usipa ndi dzanja lamanzere, lamanja atalipanira m'nthiti. Sanagule kanthu. Masana omwewo anali kwathu, anatseka chitseko, anasamba manja m'beseni langa nthawi yaitali ija, ndipo anamupima. Zala zawo zitafika m'khwapa zinaima. Ndinaona nkhope yawo itasintha. Anafunsa kuti miyezi ingati. Asiyatu anati isanu ndi umodzi. Anafunsa chifukwa chake, ndipo mwana wanga anawauza zonse, za iye, za Abiti Twaibu, za amayi ena a ku Makanjira amene anamva mbiri yawo, onse chifukwa chimodzi.

Sindinawaonepo atakhala padothi, koma tsiku limenelo anakhala. Ali pansi pomwepo anatiuza theka lija ndinalitaya. Anati chotupa choipa sichidikira bala, sichidikira wamthenga. Mwa ena makutu aja amachuluka mopitirira, amathithikana ngati anthu pa lole ya ku Makanjira, ndiye amangogundana okha, michira n'kumayatsana popanda woitana. Mwa ena khutu limawonongeka, limangokhala ngati likumva ngakhale kunja kuli zii. Ozimitsa moto amalephera. Maselo amaswana osapuma, ndipo ena amanyamuka ndi phazi lomwe lija, koma osati kupita kubala, amapita m'khwapa, m'mafupa, m'mapapo. Anati zotupa zambiri za m'mawere sizoopsa, koma chala sichingasiyanitse, ndiye kanyama kaja amadula n'kofunsira dzina la mdani. Mpeni sudzutsa chinthu chimene sichinagonepo, anatero. Chimene chikuchipatsa njira ndi miyezi.

Asiyatu anamvera mpaka pamapeto, kenako anavala bulauzi yake pang'onopang'ono.

“Anganga, mawu ndi anu omwe, lero mwangowatembenuza. Amene ndinamva kuti anapita ku mpeni, onse anabwera m'nsanda. Ndionetseni mmodzi yekha amene anadulidwa bere n'kukalamba.”

Dzanja la Anamabala linapita pa batani la juzi, n'kubwerera. Anadzuka, anatuluka osatsanzika. Masiku atatu khomo lawo linali lotseka, asodzi ankabwerera ndi mabala awo. Ine masiku atatu amenewo chakudya sichinatsike. Ndinkati atitaya, ndipo akatitaya iwo tatsala ndi ndani.

Loweruka kunali litiwo la mdzukulu wa mnansi wanga. Litiwo ndi mwambo wa mtsikana wa mimba yoyamba, amayi okhaokha m'mpanda, mwamuna sayandikira. Woyambitsa nyimbo ndine, sindikanakana. Dzuwa lili pamutu, ng'oma itatentha, mtsikana wina anayambitsa nyimbo yanga ija. Ndinafuna kuiletsa, koma mpanda wonse unali utailandira kale, ndipo ndikuvomera kuti mapazi anga anavina okha. Asiyatu anali pakona, ataphimba chifuwa ndi chitenje.

Anamabala analowa pachipata. Zaka zonsezo sanabwerepo ku litiwo lililonse. Anadutsa pakati pathu n'kuika chikhatho pa ng'oma. Nyimbo inadukira pomwepo. Anamasula mabatani a juzi limodzilimodzi. Anavula juzi, anavula bulauzi. M'kamisolo, mbali yamanzere, anatulutsamo kathumba kosokedwa pamanja, kodzaza thonje, n'kukaika pa ng'oma. Pamene panayenera kukhala bere panali pathyathyathya ngati thabwa, ndi chipsera chachitali chotuwa, kuchokera pakati pa chifuwa mpaka m'khwapa.

“Asiyatu, bwera. Unati ndikuonetse mmodzi. Gwira apa.”

Mwana wanga anadzuka ngati wolota. Anamabala anamugwira dzanja n'kuliyendetsa pachipsera chonse, kuyambira uku mpaka uko.

“Mpeni unalowa apa iwe ukuyamwa. Kanyama kanga ndinakaona ndekha pa makina, kuntchito kwanga. Ndinalira, ndinapita, anadula. Taona imvi izi, zonsezi zamera pambuyo pake.”

Kenako anatembenukira kwa ife tonse. Anati anabisa chifukwa abale a malemu amuna awo ankawatcha theka la mkazi, ndipo atabwera kunyanja kumene palibe ankawadziwa analumbira kuti palibe adzaonenso. Anati amene anaika Abiti Twaibu m'manda ndi anthu awiri: Amake Asiyatu ndi nyimbo ya theka, iwo ndi juzi. Ananditchula pamaso pa anthu, ndipo sindinakwiye, chifukwa anadzitchulanso okha. Anaima choncho padzuwa, nkhalamba ya tchalitchi pakati pa amayi a mzikiti, mpaka aliyense wofuna kugwira anagwira. Ena ankalira. Mmodzi anafunsa ngati pamayabwa, iwo anati pamayabwa mvula ikamabwera, pamalosera kuposa wailesi, ndipo tinaseka kuseka kwa anthu oopa.

Lolemba Anamabala anakwera minibasi ndi Asiyatu. Mwamuna wa Asiyatu anaimba foni kuchokera ku Joni kuti mkazi wake asadulidwe iye asanabwere. Anamabala analanda foni n'kumufunsa ngati walankhula nacho chotupacho kuti chimudikire. Mwamunayo anavomera.

Ku Blantyre anadula kanyama. Kudikira mayankho kunatenga masabata, ndipo masabata amenewo ndinkangoyang'ana ana a Asiyatu, kuganiza kuti uyu ndidzamulera bwanji, nanga uyu, nanga wamng'onoyu amene sadya popanda amake. Mayankho atabwera, wina amene Anamabala anamuphunzitsa ntchito kalekale anawatumizira chithunzi pafoni. Anandionetsa. Tinyumba tambirimbiri, kalikonse katazunguliridwa ndi mzere wofiirira ngati litsiro la tiyi lotsalira m'kapu. Anati utoto umenewo ndi wa masiku ano, umamata pa makutu okhaokha, ndipo kufiirira konseko ndi makutu ochuluka aja. Ndinayang'ana mdani wa mwana wanga maso ndi maso, ndipo anali wokongola ngati chitenje chatsopano. Zimenezo zinandiopsa kuposa zonse.

Anamabala anati mankhwala otseka makutu amenewo alipo padziko, koma kwa anthu ngati ife safika kawirikawiri. Ndiye madokotala anachotsa bere, anachotsanso zimene zinafika m'khwapa, anamupatsa mankhwala a diripi amene anathothola tsitsi lonse n'kudetsa zikhadabo. Sanalonjeze kanthu. Anati chikanabwera chili njere ya bwemba akanalankhula mwina. Mawu amenewo ndimagona nawo, ndimadzuka nawo, ndimayanika nawo usipa.

Asiyatu atabwera, bala lake linapeza msomali pakhonde paja. Ulusi wake unali wautali kuposa wa aliyense. Lachisanu loyamba utafupika ine sindinakondwe, ndinagwidwa ndi mantha. Ndinafunsa kuti, Achemwali, nyama ikuthamangayi ndi iti, yabwino kapena ija? Anandigwira phewa ndi mkono wawo wotupa uja, umene sankalola munthu kuukhudza. Anati awa ndi omvera, aitanidwa, ndipo akakumana aima. Anati makutu ndi omwewo, moto ndi womwewo, kusiyana kwake ndi kudziwa kuleka.

Juzi sanaivalenso. Tsiku lina anabwera kudzasamba nafe kunyanja, kamodzi kokha, ndipo nthawi yonse anali kutikalipira za likodzo, madzi ali m'chiuno, chipsera chili padzuwa, atsikana akuba maso. Kenako anabwerera kubafa lawo la udzu, ati nyanja aiona, yakwana.

Ine ndiye sanandisiye. Anandilamula kupeka theka lachiwiri, ndipo tinakangana mwezi wathunthu. Ndikabweretsa mzere wokoma ankati ndi wabodza, akabweretsa woona ndinkati suvinika ngakhale ng'oma zikhale khumi. Tinatsala ndi iyi:

Koma chotupa sichidikira kuitana,
chimadziitana chokha, sichigona,
ukachibisa chimayenda,
pita akachione chisanasamuke.

Ndi yoona, koma ndi yolemera m'kamwa. Ndimayiimba paliponse, ndipo yoyamba ija ndimakana kuiyamba ngati savomera kumaliza ndi iyi. Kuno kwathu ena aigwira. Koma yoyambayo inapita kale kutali, ilibe mwini, ikuswana yokha m'midzi imene sindidzafikako, ndipo ine ndilibe chozimitsira.

Asiyatu wadya chimanga chatsopano katatu chichitikireni opaleshoni. Tsitsi linamera, amaseka, amakalipira ana. Amapita kukapimidwa, amabwera, timapuma, Inshallah tipumabe. Koma akatsokomola kawiri, akagwira msana podzuka, ine ndimakumbukira njere ya bwemba ija. Kale ndinkathamangira pakhonde paja, iwo n'kufunsa mafunso atatu, n'kundiuza kuti ndi chimfine khalani pansi, kapena kuti mawa akwere minibasi. Mawu onse awiri ndinkawalandira, chifukwa ankachoka kwa munthu wodziwa. Tsopano ndithamangira kuti?

Sabata yatha kunabwera mayi wina pa boti la ku Makanjira, wamng'ono kwa Asiyatu, mwana kumsana. Ankafunsa nyumba ya agogo a bere limodzi. Ndinamupeza ataima pakhonde, dzanja lamanzere atalipanira m'nthiti. Nditamuuza kuti anamwalira anangokhala pansi, anati ndiye basi, abwerera, chifukwa ku mpeni sangapite, nyimbo imanena. Sanadziwe kuti akulankhula ndi mwini nyimbo. Ndinayamba kufotokoza za makutu, zinandisokonekera, michira ndi moto ndi nkhono zonse zinalowana. Ndinafuula dzina la Asiyatu. Anabwera akupukuta manja, anayang'ana mayiyo, anayang'ana mpando wopanda munthu, n'kuyamba kumasula mabatani a bulauzi yake.

M'mawa mwake Asiyatu anamuperekeza ku boma. Zimene akapeze ku Blantyre sitinamve.

Nyumbayo mwana wawo wakhoma loko, koma khonde silikhomeka. Mpando ulipo, mwendo umodzi wochirikizidwa ndi njerwa. Beseni losambira m'manja lavundikirika, nkhuku zimakwerapo. Juzi yobiriwira ili pamsomali wa pakona pamene anaipachika pochoka ku litiwo, yatuwa ndi dzuwa, mavu amangamo. Misomali ina yonse ili ndi ulusi wake, wina wautali, wa anthu amene mabala awo anasiyidwa pakati, ndipo mwera ukawomba umagwedezeka wonse pamodzi. Wa Asiyatu ndi kachidutswa kosakwana chikhadabo. Anamabala anakana kuutaya, ankati ukhale mboni. Pambali pake ndakhomera msomali wina, wa mayi wa ku Makanjira, ulibe ulusi. Ndakhala pansi apa ndi mbale ya mpunga, dzuwa lili pamutu, ndipo kumathandala atsikana ayiyamba nyimbo yoyamba ija. Ndikudikira afike pa mpeni, kuti ndilandire ndi theka lachiwiri.